Kodi ana athu akuphunzira? Mbiri ya buku la malikisi mu mzinda wa Blantyre

Tsiku lina mdzukulu wanga, pofuna mapepala okolezera mbaula, anatulutsa m'sutikesi yanga yakale buku lachikuto cholimba limene njenjete zinali zitayamba kale kulidya m'mbali. Ndinamulanda msangamsanga. Limeneli ndi buku limene ndinkalembamo zotsatira za mayeso a Sitandade 8 chaka ndi chaka, kuyambira ndili mphunzitsi wamba mpaka pamene ndinapuma ntchito ndili hedimasitala pa sukulu ina ya pulaimale, m'dera lina la anthu ambiri mu mzinda wa Blantyre. Dzina la sukuluyo sinditchula ayi, chifukwa zolakwa zimene ndiulule muno ndi zanga, osati za sukuluyo.

Ndikudziwa kuti inu awerengi mwamvapo mkangano umene sumatha m'minibasi, m'maliro ngakhalenso pa bawo. Wina amati maphunziro analowa pansi, ana a masiku ano sangathe kulemba ngakhale kalata yofunsira ntchito. Wina amati ayi, onani kuchuluka kwa ana amene akukhoza mayeso. Onse awiri amalankhula ngati ali ndi umboni m'thumba. Koma funso limene sitidzifunsa ndi lakuti: kodi timadziwa bwanji? Muyeso wake ndi uti, anaupanga ndani, ndipo anaupangira ntchito yanji? Usiku umenewo ndinakhala pansi ndi buku langa lija, ndipo ndinaona kuti mbiri ya muyeso umenewu ndi yoyenera kuifotokoza.

Tiyambire kutali pang'ono. Sukulu mu Blantyre zinabwera ndi amishoni a ku Scotland amene anakhazikitsa Blantyre Mission mu 1876. Kwa zaka pafupifupi 50 kunalibe nthambi ya boma yoyang'anira maphunziro. Mishoni iliyonse inkaphunzitsa zake ndi kuyesa ana mwa njira yake, kotero kuti panalibe amene akanatha kunena ngati mwana wa ku Blantyre ankadziwa zofanana ndi mnzake wa ku Nkhoma kapena wa ku Likoma. Mu 1924 kunabwera gulu la Phelps-Stokes kudzaona m'mene maphunziro ankayendera, ndipo mu 1926 boma linatsegula nthambi ya zamaphunziro. Sukulu ya sekondale yoyamba, Blantyre Secondary School, inatsegulidwa mu 1940, ya Akatolika ya ku Zomba mu 1942, ndipo ya boma ya ku Dedza mu 1951.

Taganizani, dziko lonse sukulu za sekondale zitatu zokha. Khomo likachepa chotere pamafunika woimapo kuti azisankha olowa. Mayeso a kumapeto kwa pulaimale, amene akuluakulu athu amawakumbukira kuti Sitandade 6 yakale, anabadwira ntchito imeneyi. Anali sefa. Ntchito ya sefa ndi kulekanitsa ufa ndi misere, osati kukuuzani ngati chimanga chinacha bwino m'munda. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa mavuto ambiri amene ndinene akuchokera pomwepa.

Titalandira ufulu mu 1964 sukulu zinachuluka, pulaimale inakhala ya makalasi asanu ndi atatu, koma sefa inakhalabe yomweyo. Mu 1969 boma linakhazikitsa bungwe loona za mayeso a sekondale, ndipo mu 1987 bungwelo linaphatikizidwa ndi nthambi ya mayeso ya ku unduna n'kupanga MANEB, imene likulu lake lili ku Zomba. Ine ndinayamba ntchito m'zaka zimenezi, nthawi ya Ngwazi, pamene mwana ankalipira fizi ndi kuvala yunifolomu, ndipo wopanda ziwirizi ankabwezedwa. Zotsatira zikatuluka tinkayang'ana manambala awiri basi: akhoza angati, nanga asankhidwa angati kupita ku sekondale. Manambala awiriwa ndiwo ndinkalemba m'buku langa, anyamata mbali iyi, atsikana mbali inayo. Akakwera tinkayenda mapewa m'mwamba pa msonkhano wa mahedimasitala. Akatsika tinkakhala kumbuyo, maso pansi.

Palibe amene ankafunsa za ana amene sanafike n'komwe mu Sitandade 8. Palibenso amene ankafunsa za anyamata andevu amene ankabwereza kalasi imeneyi katatu kapena kanayi, ena mpaka kusintha dzina, pofuna kuti mwina chaka chino asankhidwe. Obwerezawa ankakometsa manambala athu, pakuti munthu amene walemba mayeso omwewo kanayi salephera chisawawa. Tinkadziwa tonse, koma nthawi imeneyo pakamwa pankafunika kusamala.

Kenaka kunabwera matipate. Pa 14 June 1993 tinavota pa riferendamu, pa 17 May 1994 tinasankha boma latsopano la Bakili Muluzi, ndipo chaka chomwecho sukulu ya pulaimale inakhala yaulere. M'dziko lonse chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Amene munali m'tauni muno mukukumbukira m'mene zinalili. Tsiku lotsegulira bwalo la sukulu linadzaza ngati msika wa Limbe pa Loweruka. Kunabwera tiana tosatha n'kupukuta mamina, kunabweranso atsikana oti akanakhala mu Sitandade 5, onse kudzalembetsa Sitandade 1. Makalasi anasefukira, ena tinawaika pansi pa mitengo bolodi titalitsamiritsa pa thunthu, ndipo mvula ikagwa sukulu inkathera pomwepo. Boma linalemba aphunzitsi pafupifupi 20,000, ambiri mwa iwo osapita ku koleji ya zauphunzitsi, n'kuwapatsa maphunziro a masabata ochepa chabe. Maphunziro awo enieni, a pulogalamu ya MIITEP, anadzayamba mu 1997 iwo ali kale m'kalasi.

Sindikunena izi podandaula kuti ana aumphawi analowa sukulu. Chinali chinthu chabwino, ndipo ndidzachiteteza mpaka kumanda. Koma paja akuluakulu anati walira mvula walira matope. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti matopewo sanaoneke m'buku langa. Mu 1995, 1996 ndi 1997 manambala a Sitandade 8 sanasinthe kwenikweni. Chifukwa chake n'chosavuta: amene ankalemba mayeso m'zaka zimenezo anali ana amene anayamba sukulu kale, nthawi ya fizi. Chigumula chinali mu Sitandade 1, ife muyeso tinauika mu Sitandade 8. Zili ngati munthu woyeza madzi a Shire ku Chikwawa pamene mvula ikugwa ku Karonga: adzadziwa ndithu, koma mochedwa. Sefa yathu inkatiuza nkhani ya zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, ife n'kumaiwerenga ngati nkhani ya lero.

Ana amene analowa mu 1994 anayenera kulemba mayeso a Sitandade 8 mu 2002. Chaka chimenecho ndinachita chinthu chimene ndinali ndisanachitepo. Ndinatenga kaundula wolembetsera wa 1994, n'kumuika pambali pa mndandanda wa olemba mayeso, n'kuyamba kufufuza dzina ndi dzina. Abale anga, ndinagwira pakamwa. Maina ambiri a m'kaundula uja munalibe mu mndandanda. Ena ndinawapeza akadali mu Sitandade 5 kapena 6 chifukwa chobwereza. Ena anasamuka. Ena sindinadziwe n'komwe kumene analowera.

Apa ndi pamene sukulu ya m'tauni imasiyana ndi ya kumudzi. Kumudzi mwana akasiya sukulu mumamuona akuweta mbuzi, ndipo mutha kupita kwa amfumu. M'tauni anthu amakhala nyumba za lendi. Lero ali ku Ndirande, mwezi wamawa ku Bangwe, chaka chamawa ku Mbayani kapena ku Chirimba. Zaka zimenezo makampani ambiri ankachotsa anthu ntchito, ndipo bambo ntchito ikatha banja lonse linkabwerera kumudzi. Edzi inali itafika poipa, ana amasiye ankagawidwa kwa achibale ngati katundu. Njala ya 2002 inaonjezera pomwepo. Pamwamba pa izi, sukulu zapulaiveti zinamera ngati bowa pambuyo pa 1994, ndipo makolo opezako bwino anachotsa ana awo m'sukulu za boma. Tsono mukaona kuti chiwerengero cha okhoza pa sukulu ina chatsika kapena chakwera, musanaweruze aphunzitsi yambani mwafunsa ngati ana ake ali a mtundu womwewo. Kawirikawiri chimene chasintha si kaphunzitsidwe, koma ana amene akhala pa benchi.

Tsopano ndiulule changa. M'zaka zimenezo ofesi ya zamaphunziro ya Blantyre Urban inali itagawidwa m'mazoni, zoni iliyonse ndi mlangizi wake amene tinkamutcha PEA, ndipo zotsatira za sukulu zonse zinkaikidwa pamodzi kuti aliyense aone amene ali pamwamba ndi amene ali kumchira. Palibe amene anandiuza kuti ndichite chinyengo. Koma ndinazindikira ndekha, monga anazindikiranso anzanga ambiri, kuti njira yachidule yokwezera manambala ndi kutchinga khomo la Sitandade 8. Mwana amene tinkamukayikira tinkamubwereza mu Sitandade 7, ati kuti akhwime kaye.

Chaka china ndinabwereza mtsikana wina kachiwiri. Mai ake, amene ankagulitsa makala, anabwera ku ofesi, nagwada pakhomo.

"Ahedi, pepani ndithu, mwanayu wakula. Mukamubwezanso sabweranso kuno. Muloleni angoyesako, akalephera alephere."

Ine ndinayankha mwaulemu wonse kuti, "Mai, tikuchitira ubwino mwana wanu yemweyu. Chaka chamawa adzakhoza bwino."

Sanabwerenso. Chaka chimenecho sukulu yathu inachita bwino kwambiri, ndipo anandiombera m'manja pa msonkhano wa zoni. M'buku langa tsamba la chaka chimenecho ndi lokongola kuposa onse, koma dzina la mtsikanayo mulibe, chifukwa buku limawerenga okhawo amene alowa m'chipinda cha mayeso. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndinadzamuona patapita zaka zingapo ali ndi mwana kumbuyo, akugulitsa tomato. Anandipatsa moni mwaulemu, "Muli bwanji aphunzitsi?" ndipo anandiikira pulaizi. Tomato ameneyo sanandikomere.

Musaganize kuti matenda amenewa ndi a ife tokha. Ku England mu 1862 boma linalamula kuti thandizo la ndalama ku sukulu lizidalira m'mene ana akhozera mayeso a kuwerenga, kulemba ndi masamu. Kwa zaka zoposa 30 aphunzitsi ankangoloweza ana zimene woyendera sukulu adzafunse. Ku America, mu mzinda wa Atlanta, zotsatira za mayeso zinakwera modabwitsa mpaka akuluakulu a zamaphunziro anatamandidwa m'dziko lonselo. Mu 2011 kafukufuku anapeza kuti m'sukulu 44 munachitika chinyengo, aphunzitsi ndi mahedimasitala 178 anatchulidwa, ambiri chifukwa chofufuta mayankho olakwa a ana n'kulemba olondola, ndipo mu 2015 khoti linapeza anthu 11 olakwa. Kulikonse kumene nambala imodzi yasanduka chikwapu kapena mphotho, anthu amapeza njira yokometsera nambalayo osakometsa mwana.

Muyeso wa mtundu wina unabwera kuchokera ku bungwe la SACMEQ, limene maiko a kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa anakhazikitsa mu 1995. Kachitidwe kake n'kosiyana ndi ka MANEB. Sayesa ana onse, koma amasankha sukulu ndi ana mwa maere, a Sitandade 6. Mwana sapindula kanthu akakhoza, mphunzitsi salangidwa ana akalephera, kotero palibe chifukwa chobera. Chachikulu n'chakuti mafunso ena amabwerezedwa kafukufuku aliyense, kuti ndodo yoyezera ikhale imodzimodzi chaka chino ndi zaka zikubwerazo. Mayeso a Sitandade 8 sachita zimenezi: mapepala a chaka chino atha kukhala ovuta kapena ophweka kuposa a chaka chatha, ndipo silabasi ikasintha mayeso amasinthanso.

Pa muyeso wa SACMEQ, pamene 500 ndiye pakatikati pa maiko onse, ana a Malawi pa kuwerenga anapeza 463 m'kafukufuku woyamba wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, anatsika kufika 429 m'kafukufuku wachiwiri wa cha m'ma 2000, ndipo mu 2007 anapeza 434, kumchira kwenikweni kwa onse 15 amene anayesedwa. Pa masamu mu 2007 tinapeza 447. Manambala amenewa anaonetsa zimene buku langa linabisa: chigumula cha 1994 chitafika mu Sitandade 6, kuwerenga kunatsikadi. Komabe tisaiwale mbali inayo. Ana ambiri amene anakokera nambalayo pansi ndi aja amene nthawi ya fizi sakanaponda n'komwe pakhomo la sukulu. Dziko limene layamba kuyesa ana ake onse lidzaoneka ngati latsika poyerekeza ndi nthawi imene linkayesa osankhika okha. Tikumbukirenso kuti mayesowo anali a m'Chingerezi, chilankhulo chimene ana athu ambiri amachimva m'kalasi mokha.

Vuto la SACMEQ kwa ife a m'tauni linali lakuti zotsatira zake zimanena za dziko lonse ndi zigawo zikuluzikulu za maphunziro. Blantyre Urban ili m'chigawo cha kum'mwera chakumadzulo pamodzi ndi maboma a kumidzi, kotero hedimasitala wa ku Zingwangwa kapena ku Chilomoni sakanapezamo nkhope ya sukulu yake. Unduna unalinso ndi kalembera wa chaka ndi chaka wa EMIS, amene tinkadzaza mafomu ake: ana angati, aphunzitsi angati, madesiki angati, zimbudzi zingati. Zonsezi n'zofunika, koma fomuyo sinkafunsa ngati anawo akutha kuwerenga.

Mu 2007 kunayamba silabasi yatsopano ya PCAR, yokonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi. Inatiuza kuti tisamadikire mayeso a kumapeto kwa teremu, koma tiziyesa mwana aliyense pafupipafupi n'kumalemba m'mene akupitira patsogolo. Maganizo abwino zedi. Koma mphunzitsi wa Sitandade 2 amene ali ndi ana oposa 100, atakhala pansi mothithikana moti sangathe n'kudutsa pakati pawo, angayese bwanji mmodzimmodzi? Ndinaona ndi maso anga aphunzitsi akudzaza mabokosi onse a teremu yathunthu usiku umodzi, atamva kuti a PEA akubwera mawa. Sindinawakalipire. Ndikanayamba bwanji, ine wa Sitandade 7 uja?

Chimene chinanditsegula maso komaliza ndi kafukufuku wa EGRA wa mu 2010. Ameneyu anali wophweka moti mpaka ndinachita manyazi kuti sitinamuganizire tokha. Mwana amakhala ndi woyesa awiriwiri, amapatsidwa kankhani kafupi ka m'Chichewa, ndipo amawerenga mokweza kwa mphindi imodzi, woyesa n'kumawerenga mau amene watchula molondola. Zotsatira zinaonetsa kuti ana oposa 7 mwa 10 alionse a Sitandade 2, ndi ana pafupifupi 4 mwa 10 alionse a Sitandade 4, sanathe kuwerenga ngakhale liwu limodzi la nkhaniyo. M'chilankhulo chimene amasewerera phada ndi mpira wachikulunga! Ndinabwerera ku sukulu kwanga, n'kutenga wotchi ndi buku la Chichewa, n'kuitana ana a Sitandade 4 mmodzimmodzi pansi pa mtengo. Ena anawerenga bwino ndithu. Ena anayang'ana chithunzi n'kuyamba kunena nkhani imene analoweza, chala chili pa mzere wina. Anawa anali atakwera makalasi atatu pamaso panga, ndipo buku langa likanadzawadziwa patapita zaka zinayi, ngati akanafika. Boma linadzayambitsa pulogalamu ya kuwerenga ya dziko lonse mu 2016, yolunjika makalasi oyambirira. M'mera m'poyamba, ndipo tinachedwa kuukumbukira mwambi wathu womwe.

Ndinapuma ntchito, koma nkhani za sukulu sindinazisiye, ndipo zaka zaposachedwazi zandiphunzitsa chinthu chinanso. Pa 23 March 2020 sukulu zonse zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ndipo zinayamba kutsegulidwa mu September. Chaka chomwecho mayeso a MSCE anaimitsidwa mu November atabedwa, n'kulembedwanso mu January 2021. Mu January 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera, ndipo mu March namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche n'kukokolola nyumba ndi anthu ku Chilobwe ndi madera ena. Makalasi ambiri anasanduka misasa ya anthu osowa pokhala. Mwana amene anali mu Sitandade 1 mu 2020 anakumana ndi zonsezi asanafike Sitandade 5. Tikadzaona zotsatira zake za Sitandade 8, kodi tidzakumbukira zimene anadutsamo, kapena tidzangoloza chala mphunzitsi amene wamulandira komaliza? Nambala yopanda mbiri yake imanamiza.

Tsono kwa inu makolo, a komiti ya sukulu, makhansala ndi akuluakulu a ku ofesi ya zamaphunziro, pempho langa ndi ili. Zotsatira zikatuluka, ahedi akakuuzani kuti akhoza ana akutiakuti pa 100 alionse, ombani m'manja, koma musathere pomwepo. Funsani kuti mu Sitandade 7 chaka chatha munali ana angati, nanga amene alemba mayeso ndi angati, ndipo otsalawo ali kuti. Funsani kuti mwa olembawo obwereza ndi angati. Funsani za atsikana paokha ndi anyamata paokha. Musayang'ane chaka chimodzi, yang'anani zaka zisanu zotsatizana, chifukwa chaka chimodzi chitha kukhala mwayi kapena tsoka chabe. Koposa zonse pemphani kuti teremu iliyonse ana a Sitandade 2 ndi 4 aziwerenga mokweza kwa mphindi imodzi, zotsatira zake zizilembedwa, ndipo zisakhale zolangira mphunzitsi koma zodziwira mwana amene afunika thandizo. Izi sizilira ndalama za maiko akunja. Zimalira wotchi, buku ndi munthu wofuna kudziwa zoona.

Ndipo ofesi ya mzinda ikanachita bwino kupeza njira yotsatira mwana akasamuka kuchoka ku Ndirande kupita ku Bangwe, kuti tisamamuwerenge ngati wosiya sukulu uku ndi watsopano uko, kapena kumutaya osadziwa. Masiku ano kuli makompyuta ndi mafoni, zimene ife tinalibe pamene tinkafufuza maina ndi chala m'kaundula.

Buku langa lija sindinalibwezere m'sutikesi. Ndinatenga cholembera n'kutsegula tsamba la chaka chokongola chija, ndipo pansi pa manambala ndinalembapo dzina la mtsikana wa tomato. Kenaka ndinaitana mdzukulu wanga, amene ali mu Sitandade 3 ndipo lipoti lake limati amakhoza bwino, n'kumupatsa nyuzipepala kuti andiwerengere ndime imodzi. Inunso madzulo ano yesani wanu.